"Wakhala nambala chani?" Matabuleti ndi funso la zimene mwana akutha kuchita

Tsiku lotsekera teremu kwa Dzoole ana amasonkhana pabwalo la sukulu, aphunzitsi n'kuyamba kuitana mayina kuyambira pa nambala wani. Woyamba amaomberedwa m'manja, wachiwiri chimodzimodzi, koma mndandanda ukamafika cha m'ma sikisite manja amakhala atatopa. Mwana akafika pakhomo, funso lomulandira ndi limodzi: "Wakhala nambala chani?" Akati seveni, agogo amalulutira. Akati seventefoo, amauzidwa kuti wanyanya masewera. N'kawirikawiri kuti wina atenge thumba la mbewu ya chimanga, aloze zolembedwa pamenepo n'kunena kuti, "Tawerenga apa timve."

Nambala imatiuza kuti mwana waposa anzake angati, koma za zimene akutha kuchita imakhala chete. M'kalasi imene ana ambiri sadziwa kuwerenga, wa nambala teni akhoza kukhala woti sangaphatikize "ba" ndi "mbo" kuti atulutse "bambo". Kafukufuku wa MICS, amene ofesi ya boma yoona za chiwerengero cha anthu inachita mu 2019 ndi 2020 mothandizidwa ndi UNICEF, anapeza kuti mwa ana 100 alionse a zaka 7 mpaka 14 m'Malawi muno, 19 okha ndi amene ankatha kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamvetsa, ndipo 13 okha ndi amene ankatha masamu oyambira. Ana ambiri mwa amenewa anali pasukulu, ndipo aliyense anali ndi nambala yake teremu iliyonse.

Apa ndi pamene pakuchokera nkhani ya maphunziro otsamira pa luso, komanso chiyembekezo chakuti matabuleti ndi intaneti zingathandize mphunzitsi wa ku pulayimale kuwakwaniritsa. Tiyeni tione kuti maphunziro amenewa ndi chiyani, zipangizozi zikuchita chiyani kwathu kuno, ndipo zikulephera pati.

Kuphunzira mpaka utadziwa

Ganizo lake si lachilendo kumudzi. Mayi pophunzitsa mtsikana kupeta sanena kuti sabata ino ndi ya lichero, sabata yamawa tiyamba kusefa, wadziwa kaya sanadziwe. Amamuyang'ana m'manja. Akaona kuti gaga akutsalira kapena mphale ikutayikira pansi, amamugwira dzanja n'kumubwereza. Mwana wina amadziwa m'masiku awiri, wina m'mwezi, koma onse amadzatha kupeta. Chimodzimodzi pa chigafa: mnyamata sapatsidwa ntchito yosankha fodya yekha mpaka atatha kusiyanitsa tsamba ndi tsamba.

Sukulu imayenda mosiyana. Imaika nthawi yofanana kwa onse, ndipo zotuluka zake zimasiyana. Maphunziro otsamira pa luso amafuna kutembenuza zimenezi: luso likhale lofanana kwa onse, nthawi ndiyo isiyane. Katswiri wa maphunziro wa ku America, Benjamin Bloom, analemba za ganizoli mu 1968, kunena kuti ana ambiri angathe kudziwa bwino phunziro ngati apatsidwa nthawi yokwanira ndi thandizo pamene akupunthwa. Kuti zitheke pamafunika zinthu zitatu. Luso ligawidwe m'timasitepe todziwika, monga kuzindikira maliwu, kuphatikiza maphatikizo, kuwerenga mawu, kenako chiganizo. Mphunzitsi adziwe sitepe imene mwana aliyense ali. Ndipo mwana apatsidwe ntchito ya pa sitepe yakeyo, asakwere asanaiponde bwino.

Malawi anavomereza mfundo yofanana ndi imeneyi kalekale. Silabasi ya PCAR, imene inakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi n'kuyamba kuphunzitsidwa mu Sitandade 1 mu 2007, inatsamira pa zimene mwana azitha kuchita akamaliza phunziro, ndipo inalamula kuti aphunzitsi aziyesa ana mosalekeza mkati mwa teremu. Mu 2016 kunabwera National Reading Programme, ndondomeko yophunzitsa kuwerenga kuyambira pa maliwu m'Sitandade 1 mpaka 4. Papepala zonse zinali bwino.

Vuto linali masamu a m'kalasi. Pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo makalasi a m'munsi sanapepukepo. Boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma m'Sitandade 1 kumudzi kupeza ana 100 si zodabwitsa. Mphunzitsi akafuna kumvetsera mwana aliyense akuwerenga kwa mphindi ziwiri zokha, pafunika mphindi 200. Amenewo ndi maola atatu ndi mphindi 20, pafupifupi tsiku lonse la ana aang'onowa, pamene enawo 99 akungokhala. N'chifukwa chake kalasi imayankhira pamodzi. Aphunzitsi akaloza pa bolodi, ana khumi akutsogolo amawerenga, ena onse amangotsatira mawu ngati mpingo ukuyankha nyimbo, ndipo phokoso lake limamveka ngati onse adziwa.

Kuchoka ku Biwi kufika ku BEFIT

Dera lino zipangizo zophunzirira si zatsopano. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Kongwe mu 1894, sukulu zawo za m'midzi zinkadalira sileti, pamene mphunzitsi ankaona ndi maso ake chilembo chimene mwana walemba. Cha m'ma 2008 kunabwera Tikwere, maphunziro a pa wailesi ya MBC amene ankamveka m'makalasi a m'munsi. Wailesi inkafika kutali, koma sinkamva yankho la mwana. Chatsopano pa tabuleti n'chakuti imafunsa, imalandira yankho, n'kusintha funso lotsatira.

Ntchito ya matabuleti inayamba mu 2013 pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, pamene bungwe la onebillion la ku Britain, limene limapanga mapulogalamu ophunzitsa ana, linagwirizana ndi bungwe la VSO ndi Unduna wa Maphunziro. Nicola Pitchford wa pa yunivesite ya Nottingham anachita kafukufuku pa ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3. Anawagawa mwamaere, ena n'kumaphunzira masamu pa tabuleti kwa mphindi 30 pa tsiku kwa masabata asanu ndi atatu, ena n'kumapitiriza monga mwa nthawi zonse. A pa tabuleti a Sitandade 2 ndi 3 anachita bwino koposa. Kuchokera apo ntchitoyi inakula pansi pa dzina la Unlocking Talent, n'kufika m'maboma angapo. Mu 2019 onebillion inapambana, limodzi ndi Kitkit School, mpikisano wa Global Learning XPRIZE, umene mapulogalamu ake anayesedwa m'midzi ya ku Tanzania. Bungwe la Imagine Worldwide nalo linachita kafukufuku wake m'sukulu za boma za m'Malawi, n'kupeza kuti ana a pa tabuleti ankaposa anzawo pa kuwerenga ndi masamu.

Mu 2023 boma linatenga ntchitoyi kukhala yake pansi pa dzina la BEFIT. Inayamba ndi sukulu 500, ndipo cholinga chake n'chakuti pofika 2029 ikhale itafika pa sukulu zonse za pulayimale za boma, pafupifupi 6,000, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 oposa mamiliyoni atatu. Popeza palibe sukulu ya boma imene yasiyidwa kunja kwa cholingachi, za kwa Dzoole, kwa Chakhaza, kwa Kayembe ndi za m'mapiri a Ntchisi nazo nkhaniyi ndi yawo.

Kuti timvetse chimene chimachitika, tiyang'ane mwana mmodzi. Nthawi ikakwana, matabuleti amatulutsidwa m'bokosi lachitsulo mmene amatchajidwa ndi sola. Mtsikana wa Sitandade 2 wakhala pansi, wavala zomvera m'makutu. Mawu a mphunzitsi wa m'pulogalamuyo akumulankhula m'Chichewa. Choyamba akumupatsa timafunso tochepa kuti aone pamene ali: agwire chilembo chimene wamva, awerenge zinthu zimene zili pa galasi. Akakhoza, ntchito yotsatira ikukwera. Akaphonya, akusonyezedwa yankho n'kuyesanso, popanda wina womuseka. Pambali pake pali mnyamata wa kalasi yomweyo amene akuwerenga kale kankhani, pamene iye akulimbana ndi kusiyanitsa "b" ndi "d". Onse awiri ali pa ntchito, aliyense pa sitepe yake. Chimene mphunzitsi akanachita m'mphindi 200, makinawa akuchita kwa ana onse nthawi imodzi.

Uku ndiye kupambana kwenikweni kwa chipangizochi. Pa zinthu zitatu zija, chimatha kugawa luso m'timasitepe ndi kupatsa mwana ntchito ya pa msinkhu wake, ndipo sichitopa kubwereza.

Nanga intaneti ili pati?

M'mayiko olemera, akamanena za zipangizo za pa intaneti amatanthauza kuti mwana aliyense ali ndi dzina lake m'makina, zonse zimene wachita zikusungidwa, ndipo mphunzitsi akhoza kuona madzulo kuti uje watsalira pa kuchotsera. Kwathu kuno nkhani ndi ina. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi, ndipo zambiri mwa izo zinali m'tauni. Ukachoka pa Mponela kapena pa Madisi kulowa m'midzi, netiweki imadalira pamene waima: pa chulu ikugwira, m'dambo yathawa. Bandulo ikupikisana ndi mchere, sopo ndi feteleza pa ndalama imodzimodziyo.

Mliri wa Covid-19 unationetsa zimenezi poyera. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020, maphunziro a pa intaneti anathandiza ana ochepa a m'mizinda. Ana a ku pulayimale boma linawatumizira maphunziro pa wailesi, ndipo ngakhale wailesiyo sinali pakhomo paliponse.

N'chifukwa chake matabuleti a BEFIT anapangidwa kuti azigwira ntchito popanda intaneti. Maphunziro onse ali mkati mwake. Intaneti imafunika pa ntchito zakumbuyo: kutumiza chiwerengero cha mmene zipangizo zikugwiritsidwira ntchito, kudziwitsa amisiri kuti pena pawonongeka, ndi kulowetsa maphunziro atsopano. Chipangizo cha pa intaneti chimene aphunzitsi ambiri akumudzi ali nacho m'manja ndi WhatsApp, ndipo sitiyenera kuchipeputsa. M'magulu a pa zoni, mphunzitsi akhoza kujambula mmene wakonzera makadi a maphatikizo ndi makatoni, kapena kufunsa anzake kuti mwana amene amalemba manambala chagada angamuthandize bwanji. Alangizi a maphunziro, a PEA, amene njinga yawo yamoto singafike pa sukulu iliyonse sabata iliyonse makamaka nthawi ya dzinja, akhoza kufika pa foni.

Pamene makina amalekezera

Pali phunziro lochokera ku Peru limene tiyenera kulisunga. Dzikolo linagawa makompyuta ang'onoang'ono mazana a zikwi kwa ana a kumudzi pansi pa ntchito ya One Laptop per Child. Kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa mu 2012 anapeza kuti ana anadziwa kugwiritsa ntchito makinawo, koma masamu ndi kuwerenga sizinasinthe. Makina anafika, koma sanalumikizidwe ndi zimene mwana amayenera kuphunzira. BEFIT yapewa mbali ina ya msampha umenewu chifukwa pulogalamu yake ndi ya kuwerenga ndi masamu basi, m'chilankhulo cha mwanayo, pa nthawi yoikika. Komabe pali malire anayi.

Loyamba ndi lakuti tabuleti imayeza zimene chala chingagwire. Singaweruze bwino ngati mwana akutha kufotokoza nkhani pamaso pa anzake, kugwira pensulo n'kulemba m'kope, kapena kugwirizana ndi gulu pa ntchito. Mwana wochenjera amathanso kuphunzira kungogwiragwira mpaka yankho litavomera. Luso lenileni limaoneka pamene wachoka pa galasi: kodi angathe kuwerenga chikwangwani cha pa chipatala cha Dzoole? Kodi akatumidwa pa golosale ndi K2,000 adziwa chenji chake?

Lachiwiri ndi lakuti zimene makina aona siziyenera kutsalira m'makina. Ngati tabuleti yazindikira kuti mtsikana uja sasiyanitsa "b" ndi "d", koma aphunzitsi ake sakudziwa, ndiye kuti belu likalira abwerera ku phunziro la bolodi limene lili masitepe atatu patsogolo pake. Adzakhala akuphunzira pa msinkhu wake kanthawi kochepa, tsiku lonse lotsala n'kumangoyankhira pamodzi ndi gulu. Mphunzitsi amene amaona nthawi ya matabuleti ngati yopumira kapena yochongera makope akutaya mwayi waukulu. Imeneyo ndi nthawi yokhayo imene kalasi ya ana 100 imakhala chete, ndipo iye angathe kuyenda pakati pawo n'kuona amene wakakamira.

Lachitatu ndi ndalama ndi chisamaliro. Okonza ntchitoyi amati mtengo wake ndi wochepera madola 7 pa mwana pa chaka ikafika ponseponse. Ndi wotsika, koma ukachulukitsa ndi ana mamiliyoni atatu ukufika cha m'ma madola 20 miliyoni chaka ndi chaka, pamene ndalama zakunja n'zosowa. Mabatire amatha mphamvu, zomvera m'makutu zimaduka, fumbi la mu Okutobala limalowa paliponse, ndipo sola ndi katundu amene akuba amamusirira. Kutsekedwa kwa USAID mu 2025, bungwe limene linathandiza kwambiri ndondomeko ya kuwerenga, kwatikumbutsa kuti thandizo la abwenzi limatha osatsanzika. Pamene mafumu, komiti ya sukulu ndi gulu la amayi atenga zipangizozi ngati zawo, mlonda amapezeka ndipo chitseko chimakonzedwa. Pamene zimatchedwa "za bungwe", zimafa ngati mjigo wopanda komiti.

Lachinayi ndilo lalikulu. Sukulu yathu ikadali yomangidwa pa teremu, mayeso ndi nambala. Mwana akalephera kumapeto kwa chaka amabwereza kalasi yonse, ndi zimene ankazidziwa kale zomwe, ndipo m'zaka zambiri mwana mmodzi mwa anayi kapena asanu a ku pulayimale amakhala wobwereza. Kumapeto kuli mayeso a MANEB a Sitandade 8, amene ntchito yake yaikulu ndi kusankha opita ku sekondale. Malinga ngati mphunzitsi akuyamikiridwa chifukwa chomaliza silabasi, adzathamanga ndi buku ngakhale ana atatsalira. Apo tabuleti ikukokera kwina, dongosolo la sukulu likukokera kwina, ngati ng'ombe ziwiri zosagwirizana pa ngolo imodzi.

Zimene anzathu a ku Chipata anachita popanda makina

Kutsidya kwa malire kuli umboni wothandiza. Mu 2016 Unduna wa Maphunziro wa Zambia unayamba kuyesa ndondomeko ya Catch Up m'sukulu 80, kuphatikizapo za ku Chipata ndi Katete kumene ana amaphunzira m'Chinyanja. Inatengera njira ya bungwe la Pratham la ku India. Mphunzitsi amayesa mwana aliyense ndi pepala limodzi: kodi akutha zilembo, mawu, ndime, kapena nkhani? Kenako kwa ola limodzi pa tsiku ana a Giredi 3 mpaka 5 amagawidwa malinga ndi zimene akutha, posayang'ana kalasi yawo. Zipangizo zake ndi timitengo, makadi ndi choko cholembera pansi. Ndondomekoyi inakula n'kufika m'zigawo zambiri za dzikolo.

Izi zikusonyeza kuti mphamvu ili pa kudziwa pamene mwana ali ndi kumuphunzitsa kuyambira pamenepo. Tabuleti ndi njira imodzi yochitira zimenezo, ndipo ubwino wake ndi wakuti imapeputsa ntchito m'makalasi odzaza kwambiri. Pepala ndi timitengo ndi njira ina. Sukulu imene matabuleti sanafike ilibe chifukwa chodikira, ndipo imene afika ipindula kawiri ikaphatikiza njira zonsezi.

Zofunika kuti ziyende

Mphunzitsi akhale ndi kaundula wosavuta wa maluso, mwina tsamba limodzi pa kalasi, pamene dzina la mwana aliyense lili ndi malo ochonga: maliwu, maphatikizo, mawu, chiganizo, kuwerenga manambala, kuwonkhetsa, kuchotsera. Nthawi ya matabuleti ikhale yodzazira kaundulayu, poona ana khumi lero, khumi mawa. Okonza mapulogalamu nawo ayesetse kuti zimene makina apeza zizifika kwa mphunzitsi m'njira yosalira bandulo yambiri, ndipo zokhudza ana zisungidwe mosamala. Makoleji a aphunzitsi, monga a Kasungu, Lilongwe ndi DAPP Dowa, aziphunzitsa ophunzira awo kuwerenga zotsatirazi ndi kugawa kalasi m'magulu, poti kuyatsa tabuleti kokha mwana wa Sitandade 1 amadziwa tsiku loyamba. A PEA akabwera, asamangofunsa kuti matabuleti angati akugwira ntchito. Atenge ana asanu mwamaere awapatse buku.

Lipoti la kumapeto kwa teremu nalo lisinthe. Pambali pa malikisi pakhale mizere iwiri kapena itatu ya m'Chichewa chomveka: akutha kuwerenga mawu a maphatikizo awiri, akuvutika ndi kuchotsera kobwereka. Kholo limene silinapite patali ndi sukulu lingamve zimenezo kusiyana ndi "54%", ndipo mkulu wake wa mwanayo wa ku Sitandade 7 angadziwe pomuthandiza madzulo. M'mera mpoyamba: mwana amene watuluka mu Sitandade 4 asakutha kuwerenga amakafika mu Sitandade 5, mmene maphunziro amayamba kuperekedwa m'Chingerezi, atanyamula mavuto awiri.

Matabuleti asonyeza m'kafukufuku wa m'dziko lathu lomwe lino kuti amathandiza ana kuwerenga ndi kuwerengera, ndipo ndi oyenera kuwalandira ndi kuwasamala. Koma adzasintha sukulu pokhapokha aphunzitsi, alangizi ndi makolo atayamba kufunsa funso limene makinawo amafunsa mwana tsiku lililonse. Inu bambo ndi mayi a kwa Dzoole, teremu ikubwerayi mwana akadzafika ndi lipoti, muyamikireni pa nambala yake ngati mwakonda. Kenako mutenge buku la nyimbo, thumba la mbewu kapena uthenga wa pa foni, mumukhazike pamkeka, awerenge inu mukumva. Akakakamira, pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake sabata yotsegulira, muwafunse kuti mwanayu ali pa sitepe iti ndipo mungathandizane bwanji.